Anyezi wa Amai pa Msewu wa ku Mwape

Foni ya mlongo wanga Joakimu inandipeza ndili pachulu. Kumudzi kwathu ku Mwape foni sigwira m'nyumba. Ukafuna kulankhula ndi munthu umakwera chulu cha kuseri kwa sukulu, n'kuyang'ana kummawa. Tsiku limenelo ndinakwerapo kuti ndifunse za mbewu ya chimanga, koma ndisanayimbe n'komwe, foni inalira yokha.

"Lusiya, amai aleka kudya," anatero Joakimu. "Kuchipatala anena kuti tiwasamalile kunyumba. Bwela."

"Akulankhula?"

"Pang'ono. Mailo anakuchula kawili," anatero, kutanthauza dzulo. "Akuti pobwela utenge anyezi wao."

Anyezi ameneyo si wa ndiwo ayi. Dzina lake lenileni sindilidziwa mpaka lero. Pansi amabereka timitu tofiira ngati chiwindi, masamba ake ndi aatali, opindikapindika ngati a kanjedza kongomera kumene, ndipo mvula ikakhazikika amatulutsa timaluwa toyera timene timatseguka dzuwa likapendeka. Amai anabwera naye kuchokera ku Mozambiki pothawa nkhondo, ine ndili kumsana. Anatenga mphika, bulangeti ndi timitu tingapo tomanga pangodya ya chitenje. Timituto anatibzala kumalo a anthu othawa kwawo, kenako ku Kaumbwe pamene atate anapeza munda. M'mimba mukawapweteka ankawiritsa kamodzi n'kumwa madzi ake, koma makamaka ankangokonda kuti tikhale pakhomo. Nditakwatiwa ku Mwape anandigawirako. Awo nkhumba zinafukula onse chaka cha chilala. Anga kuseri kwa khitchini anachulukana mpaka kutseka njira ya ku bafa.

Ndinakumba madzulo omwewo, n'kudula masamba, n'kukulunga timituto m'chitenje chakale chonyowa. Amuna anga, a Mwanza, anandiperekeza kumsika m'mawa kusanatenthe. Iwo anatsala ndi ana ndi munda, chifukwa mvula yoyamba inali itagwa ndipo aliyense anali pa kubzala.

Galimoto yopita ku Nyimba inali imodzi yokha, lole yaing'ono yoyera ya a Lungu. Inaima pansi pa mtengo wa mango, ndipo a Lungu anali atakhala pa tayala akudya chinangwa chootcha.

"Tinyamuka manje manje," anatero.

Manje manje wakeyo anatha dzuwa litafika pamutu pa mtengo. Anayamba akweza matumba a makala. Kenako tinadikira bambo wina wogula mbuzi, a Njobvu, amene anatumiza mawu kuti ali pafupi. Atafika ndi mbuzi zake, panabuka mkangano wa mtengo, a Lungu akuti matope akweza zonse, a Njobvu akuti mbuzi si munthu. Ine ndinakhala pathumba la makala, phukusi langa pamiyendo, ndikuyang'ana foni yopanda maukonde ngati kuti kuiyang'anitsitsa kungaibweretse.

Womaliza kukwera anali mtsikana wamng'ono kwa ine, wobereka mwana. Anthu ankamutchula amake Tamala. Mwanayo anali wamkulu ndithu, woti n'kuyenda yekha, koma mutu wake unali lende paphewa pa amake. Nditawathandiza kukwera ndinakhudza mwendo wa mwanayo, ndipo unali wotentha ngati mbale yochokera pamoto.

"Malungo?" ndinafunsa.

"Kukiliniki ananipatsa mankhwala, koma asanza yonse. Akuti nimupeleke ku Nyimba lelo lomwe."

Ndinamusunthira kuti akhale pambali panga, pamene panalibe mphepo yambiri.

Msewu wa ku Mwape nthawi ya mvula ndi woyenda ndi pemphero. Tisanapite patali tinatitimira padambo loyamba. Amuna anatsika, kudula nthambi, kukankha, matope akuwathira kumaso. Tinatuluka, anthu n'kuseka. Paphiri lotsatira injini inatsokomola kawiri n'kuzima. A Lungu anaweramitsa mutu wa lole kutsogolo, n'kumasula kapaipi, n'kuyamwa dizilo ndi pakamwa, n'kulavula. Anati mafuta anagula m'zigubu anali ndi madzi. Inalira, tinapita. Pamenepo kuseka kunali kutachepa.

Kachitatu inazima potsetsereka. A Lungu anaponda mabuleki mwadzidzidzi, tonse tinagwerana, ndipo mbuzi imodzi inadzandigwera pamiyendo. Podzuka inakola phukusi langa ndi nyanga. Chitenje chakalecho chinang'ambika, ndipo anyezi anamwazika pansi ponse, kugubuduzika pakati pa mapazi a anthu.

Ndinagwada kuti nditole. A Njobvu anali ataponda kamodzi ndi jombo, ndipo atachotsa phazi panatsala banga lofiira pachitsulo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola kena n'kukanunkhiza.

"Amai, ivi n'vichani?"

"Ndi maluwa, bambo. Ndikupereka kwa amai anga."

"Maluwa otuluka magazi?"

Anakakweza m'mwamba kuti onse aone. Anati iye wayenda kwambiri, mpaka kumalire, ndipo zinthu zimenezi anaziona pakhomo pa sing'anga wina, zitabzalidwa kuzungulira nyumba. Anati munthu wabwino sayenda nazo pagalimoto ya anthu. Anafunsa a Lungu ngati lole yawo inavutapo katatu tsiku limodzi. A Lungu, mutu uli mu injini, anayankha kuti ayi, osadziwa kumene funsolo likupita.

"Mwamva?" anatero a Njobvu.

Mayi wina wachikulire amene anakhala pangodya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Si mkazi wa a Mwanza uyu? Wa ku Mozambiki uja?"

Ndakhala m'Zambia pafupifupi moyo wanga wonse. Sukulu ndinaphunzira kuno, ana anga anabadwira kuno, atate anga anaikidwa m'dothi la ku Kaumbwe. Koma mawu amenewo atatuluka, anthu amene ndinali nditakhala nawo phewa ndi phewa anayamba kusuntha, ndipo pondizungulira panatseguka malo.

Nthawi yomweyo Tamala anayamba kunjenjemera thupi lonse. Maso anatembenuzika, mano analumana, thovu likutuluka m'mbali mwa kamwa. Amake anakuwa. Azimayi anamuunjirira, wina akumupepesa ndi chitenje, wina akumuthira madzi kumutu. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndigwire miyendo ya mwanayo, koma mayi wachikulire uja analimenya.

"Osamugwila!"

"Anamugwila kale pokwela," wina anatero kumbuyo. "N'naona ine."

Mwanayo anadekha. Ndinatola kamutu kamodzi, n'kukapukuta pabulauzi, n'kukaluma onse akuona. Kanali kowawa, kothetsa malovu, ndipo kanandikanda kukhosi ngati ndameza phulusa. Ndinatafuna, ndinameza, ndinatsegula pakamwa kuti aone.

"Amai anga amamwa zimenezi. Ine ndakula nazo. Onani, ndafa?"

"Mwine wake sangafe navo," anatero a Njobvu.

Anyamata awiri amene anali kukankha lole padambo paja anali ataimirira. Mmodzi anali akadali ndi chikwanje chodulira nthambi m'manja. Sanachikweze, koma sanachiikenso pansi. Wina anayamba kukankhira anyezi kunja ndi phazi, timitu tikugwera m'matope ndi m'udzu.

Chimene chinandithyola si chikwanjecho. Amake Tamala anapereka mwana kwa mnzake, n'kubwera chokwawa pakati pa matumba, n'kugwada patsogolo panga, n'kundigwira mapazi.

"Amai, sin'kunenani kuti ndimwe mfiti. Ine siniziwa. Koma napapata, selukani m'motoka. Mwana wanga azafela pano."

Ndinamanga zotsala m'chidutswa cha chitenje, n'kutenga chikwama changa, n'kutsika.

A Lungu anabwera akupukuta manja. Anandibwezera ndalama yanga osandiyang'ana kumaso. "Amai, ine niziwa ni dizilo," ananong'ona. "Koma anthu awa akakwiya, sin'ngakuchingilizeni. Khululukani."

Anakwera, anapotokola kiyi. Ndinapemphera pemphero loipa pamenepo, lakuti injini isalire. Inalira nthawi yomweyo, bwinobwino, ngati yatsopano. Nkhope zonse zinatembenukira kwa ine. Wina anachita chizindikiro cha mtanda. Lole inatsetsereka, inakhota, ndipo ndinatsala ndekha ndi fungo la utsi.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kulira pang'ono. Kenako ndinalowa m'udzu n'kuyamba kufunafuna anyezi amene anatayidwa. Ambiri anali ataphwanyika ndi matayala. Ndinapezako ochepa amoyo, n'kuwaphatikiza ndi aja ndinatsala nawo. Onse pamodzi sakanadzaza manja anga awiri.

Kubwerera kunyumba kunali kutali, ku Nyimba kunali kutali koposa. Ndinasankha kutsogolo. Dzuwa linali lolasa, la mtundu umene umaitana mvula, ndipo kumadzulo mitambo inali itayamba kuda. M'mimba munayamba kutentha chifukwa cha kamutu kakawisi kaja, moti kawiri konse ndinapatukira kuthengo. Ndinadutsa mudzi wina anthu ali m'minda. Ludzu linandigwira, koma sindinapemphe madzi. Ndinkaopa kuti lole ija inaima pamenepo ndipo mbiri yanga yafika kale. Pokwera kaphiri kalikonse ndinkakweza foni m'mwamba. Palibe. Ndinkaganiza za amai atagona pamphasa, akumva phazi lililonse panja n'kumayesa ndine.

Mthuthuthu ndinaumva usanaoneke. Unatulukira m'kanjira ka kumanzere, woyendetsa ali bambo wa ndevu zaimvi, atavala jasi la mvula. Ndinaima pakati pa msewu n'kutambasula manja onse awiri.

"Mufuna kufa, amai?" anakalipa ataima.

"Ndifuna ku Nyimba. Amai anga ali kumapeto ku Kaumbwe."

Dzina lawo anali a Sakala. Anali atapereka mphunzitsi kumudzi wina ndipo ankabwerera opanda munthu. Anatchula mtengo wokwera, ine sindinatsutse. Anayang'ana phukusi langa.

"Muli na chani umo?"

"Anyezi," ndinatero.

"Gwililani bwino. Tikathamanga tizafika mvula isanagwe, mupeze basi yothela ya ku Petauke."

Mawu amenewo anandibwezera moyo. Ndinawerengera mumtima kuti ngati ndipeza basi yomaliza imeneyo, ndigona ku Petauke, kapena kupeza wondifikitsa ku Kaumbwe tsiku lomwelo. Mthuthuthu unkaterereka, matope akundithira m'miyendo, koma ndinkangoti thamangani, bambo, thamangani.

Titaoloka kamlatho kena n'kukhota, ndinaiona. Lole ya a Lungu inali itaima pakati pa msewu, mutu wake utaweramanso kutsogolo. Anthu anali atakhala pansi pa mtengo, mbuzi zitamangidwa pachitsa.

"Musaime," ndinauza a Sakala. "Chonde pitilizani."

"Muwaziwa?"

"Musaime!"

Koma lole inatseka njira, ndipo podutsa m'mbali munali matope, choncho anayenera kuchepetsa liwiro. Amake Tamala anali atatimva kale. Anathamangira mumsewu mwana ali m'manja, n'kuima kutsogolo kwa tayala. Atandizindikira anaweramitsa mutu.

A Lungu ndiwo analankhula. Anati sefa ya mafuta yatsekeka kotheratu, lole siyendanso mpaka itabwera ina kuchokera ku Nyimba. Anati mwanayo wakomokanso kawiri chichokereni ine.

"Tengani onse," wina anatero.

A Sakala anapukusa mutu. "Na matope aya, akulu awili na mwana tizagwa tonse padambo la kutsogolo. Nitenga mmodzi. Koma wolipila ni amai awa. Anene ndiwo."

Onse anandiyang'ana, anthu omwe aja. A Njobvu anayang'ana mbuzi zawo.

Sindinafune kutsika. Ndinagwira jasi la a Sakala mwamphamvu mpaka zala kuwawa. Mumtima ndinkati, mwana uyu ali ndi amake, inenso ndili ndi amai anga, ndipo anthu awa anandisiya m'thengo ngati galu. Ndikanangoti tiyeni, a Sakala akanapita, ndipo palibe akanandiimba mlandu pamaso.

Dzanja la Tamala linali lende, likugwedezeka lokha amake akamapuma. Zikhadabo zake zinali zitayera. Mwana wanga wachiwiri anadwalapo chimodzimodzi, ndipo ndimadziwa kuti zikhadabo zikafika pamenepo nthawi yatsala yochepa.

Ndinatsika.

"Mumange kumsana, osati m'manja," ndinauza amake. "Mangitsa. Mutu wake ukhale cham'mbali."

Anamanga, manja akulephera mfundo, mpaka ndinamumangira ine. Palibe anandiletsa kumukhudza ulendo uno. A Lungu anauza a Sakala sitolo yogulako sefa. Ine ndinagwira mkono wa a Sakala.

"Mubwerenso lero?"

Anayang'ana kumwamba. "Ngati siigwa."

Mvula inagwa asanazimiririke n'komwe. Inayamba ndi madontho akuluakulu, kenako inatsika yonse pamodzi, ya mphepo ndi ziphaliwali. Anthu anathamangira pansi pa tenti ya lole imene anaikoka kuchokera pamakala. Ine ndinakhala patali, pansi pa kamtengo kopanda masamba okwanira, phukusi langa ndalibisa m'bulauzi. Madzi ankayenda mumsana. Ndinadziwa kuti basi ya ku Petauke yapita, ndipo dambo la kutsogolo ladzaza.

Ndinamva a Njobvu akunena pansi pa tenti kuti mwina lole inazima chifukwa ndinkaitsatira m'mbuyo. A Lungu anawadula.

"Imwe a Njobvu, motoka yafa amai awa ali kutali, sitinawaone na maso. Ngati muziwa vamankhwala, ilizeni tione. Ngati simungathe, khalani chete."

Patapita kanthawi, ngodya ya tenti inatukuka. Anali mayi wachikulire uja, amene anandimenya dzanja. Sanandiitane ndi mawu. Anangoigwira chotukula, madzi akumutsikira m'mkono, mpaka ndinadzuka n'kukalowa. Anandisunthira malo, n'kundipatsa chidutswa cha mbatata yophika. Ndinadya.

Tinagona m'tchalitchi chaching'ono cha mudzi wapafupi, azimayi mbali ina, amuna mbali ina. Tulo sindinatione.

Kutacha, mitsinje itaphwa pang'ono, a Sakala anatulukira, sefa ili m'thumba la jasi. Anthu anawazungulira asanazimitse n'komwe injini.

"Tinagwa kamodzi padambo, koma tinafika," anatero. "Anamulandila pamene apo, anamuika madzi m'mkono. Pochoka ine anali kulila."

"Kulila?" mayi wachikulire anafunsa.

"Kulila kwambili. Anesi akuti ni bwino akalila."

Za Tamala ndimadziwa zokhazo. Sindinaonanenso ndi amake, ndipo dzina la mudzi wawo sindinafunse.

A Sakala anakana kuti ndilipire kachiwiri. Tinanyamuka a Lungu akadali kumanga sefa. Titayandikira Nyimba, foni inayamba kunjenjemera m'chikwama, kulira, kulekeza, kuliranso, mauthenga onse a dzulo akulowa nthawi imodzi. Onse anali oti Joakimu anandiyimbira. Nditatsika pamsewu waukulu ndinamuyimbira. Inalira mpaka kuduka. Ndinayimbanso. Ulendo wachitatu mawu a makina anati foniyo yazimitsidwa.

Minibasi ya ku Petauke inali ndi anthu atatu okha. Kondakitala analumbira kuti aja akuoneka panja onse ndi ake, angopita kukagula nthochi. Ndinakhala pawindo. Azimayi ogulitsa ankabwera ndi malichero a nthochi kudzagogoda galasi, ine ndikungopukusa mutu. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso pomwe paja. Ndinatsika kukayesa basi yaikulu yochokera ku Lusaka, koma inali yodzaza, ndipo pobwerera ndinapeza malo anga apawindo atakhalapo bambo wa matumba a feteleza. Ndinakhala pakampando kapakati, mawondo akugunda chitsulo. Joakimu sazimitsa foni. Ndinkadziuza kuti mwina moto wathera, kwawo kulibe magetsi. Kenako ndinkaganiza kuti munthu akakhala pamaliro amazimitsa foni.

Tinanyamuka dzuwa litakwera. Msewu wa tala unali wosalala moti ndinkaona ngati tikuuluka, koma tinkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Pamphambano ya ku Minga tinatsitsa mayi wopita kukaona wodwala, ndipo panatenga nthawi kuti apeze ndowa yake pansi pa katundu wa ena. Patsogolo pang'ono panali apolisi a pamsewu. Mmodzi anasuzumira mkati, maso ake n'kugwera pa phukusi langa, limene linali litadontha madzi ofiirira pa siketi.

"Amai, mwanyamula nyama?"

Ndinaona anthu akutembenuka, monga dzulo.

"Ndi anyezi, bwana. Wobzala."

Ndinamasula ngodya. Anayang'ana, n'kukankha kamodzi ndi chala.

"Ang'onoang'ono," anatero. "Muikeko manyowa." Anamenya denga la minibasi kuti tizipita.

Ku Petauke sindinadikire galimoto. Ndinakwera mthuthuthu woyamba umene ndinauona, ndipo njira yonse ya ku Kaumbwe sindikumbuka chimene ndinaona. Ndinatsikira pachitsime, chifukwa kanjira ka kwathu kanali katakokoloka, n'kuyamba kuyenda mothamanga.

Ndisanaone denga la nyumba ndinamva nyimbo. Anali mawu a azimayi ambiri, nyimbo ya kutchalitchi, yoyenda pang'onopang'ono. Ndinaima pamunda wa nyemba wa a neba, osatha kupita kutsogolo. Ndinayang'ana ngati pabwalo pali moto wa amuna, ngati mipando yatulutsidwa panja. Ndinaona nsapato zambiri pakhomo, ndi njinga ziwiri.

Joakimu anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula chigubu cha madzi. Atandiona anachiika pansi.

"Unali kuti? Foni yanga yatha moto kukuyimbila iwe!"

"Amai?"

"Ali mkati. Ni azimai a kuchalichi, abwela kuwapemphelela. Lowa, akhala akufunsa kuyambila mailo."

Ndinalowa ndi matope anga. Azimayi anasiya nyimbo pakati n'kundipatsa njira. Amai anali atagona chammbali pamphasa, atachepa ngati mwana, masaya atalowa. Ndinagwada, n'kuwagwira dzanja. Anatsegula maso, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Lusiya."

"Ndine, amai. Ndabwera."

"Wabweretsa?"

Ndinamasula chitenje chong'ambikacho n'kuwaikira pafupi ndi nkhope. Anatulutsa dzanja m'bulangeti, n'kuyamba kukhudza kamodzikamodzi, akutembenuza, akukanda khungu lofiiralo ndi chikhadabo. Anapatula tiwiri tophwanyika n'kutikankhira pambali. Kenako anandiyang'ana ndi diso lomwe lija ankandiyang'ana nalo ndikapsereza ndiwo ndili mtsikana.

"Zaka zonsezi, ndi tomweti? Unkatithirira koma?"

Azimayi anaseka, ena akupukuta misozi. Ine ndinafuna kufotokoza za lole, za mbuzi, za mwana uja, koma amai anali atatseka kale maso chifukwa cha kutopa.

"Dothi likadali lonyowa," ananong'ona. "Pita ukabzale pomwe ndingaone. Usazamitse."

Joakimu anandipatsa khasu. Anatsegula chitseko chonse n'kuchitchinga ndi mwala, ndipo azimayi awiri anawadzutsa amai pang'ono, kuwatsamiritsa pachifuwa cha mmodzi wa iwo. Ndinakumba mzere pafupi ndi khonde, ndisanasambe, ndisanamwe ngakhale madzi. Nditaika kamutu kachitatu ndinamva mawu awo kuchokera mkati, ofooka koma omveka.

"Watalikitsa. Sendeza kuno."

Ndinafukula, n'kusendeza.